Manda Amene Ndinafesa ku Chipinge

Ndinayambitsa ndine. Ndanena poyamba pomwe kuti wina asadzandilande ulemu, chifukwa ndamva kuti ku Chipinge kuja nkhaniyi ayamba kale kuipatsa eni ena. Ena akuti inali mizimu, ena akuti sing'anga wa ku Espungabera. Ayi ndithu. Ndinali ine, chitini cha mbewu ya udzu, ndi chingwe choyezera mabedi a maluwa. Koma zimene zinamera pambuyo pake sizinali zanga zonse, ndipo n'zimene zimandichititsabe tsemwe ndikamayenda ndekha m'chiperoni.

Ku Zimbabwe anandipititsa ndi nanzikambe. Ndili Fomu 3 kwathu ku Thyolo ndinamuika m'chikwama cha aphunzitsi a masamu, iwo n'kutulukira pawindo, nsapato imodzi n'kutsala m'kalasi. Ahedi anati ndikapume kunyumba, koma tsiku lobwerera sananene. Amayi sanandimenye. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akundiyang'ana, kenaka anati, "Ine ndalephera. Mwana wosamva mwini wake ndi malume ake."

Malumewo ndinali ndisanawaonepo. Malume Layisoni anachoka amayi ali kamtsikana, akuti akukathyola tiyi chaka chimodzi, ndipo chaka chimenecho mpaka lero sichinathe. Kwathu ankangowatchula kuti mtchona uja. Amayi ankati mlongo wawo anameza dovu la dziko la eni n'kuiwala njira, ndipo ankanena zimenezi mokwiya, ngati kuti malume anachoka dzulo.

Anandikweza lole ya bambo wina wa kutchalitchi kwathu. Tinadutsa Zobue, tinawoloka mlatho wa ku Tete kukutentha ngati m'uvuni, kenaka Chimoio, kenaka mapiri. Pa Espungabera ndinatsika n'kulowa wapansi. Tsidya linalo ndinakweza maso: tiyi. Phiri lonse tiyi, nkhungu itagona pamwamba pake, azimayi ali ndi madengu kumsana. Ndinayenda mtunda wonsewo kuthawa Thyolo n'kukapeza Thyolo wina akundidikira. Ngakhale kamvula kowaza kaja kanali komweko. Kwathu timati chiperoni, kumeneko amati guti.

M'komboni ya esiteti, chakumunsi kwa Mount Selinda, anthu ankati amalankhula chiNyanja, koma chinali chiNyanja chovala malaya a eni dziko. Anyamata a msinkhu wanga ankandiseka kuti ndimalankhula ngati Baibulo, iwo akangotaya mawu awiri achiNyanja n'kuthawira ku chiNdau. Koma okalamba ankandiitanira pakhomo pawo kuti ndingolankhula basi. Gogo wina anandifunsa ngati mtengo wa mkuyu wa pa siteshoni ya Luchenza ulipobe. Ndinati ulipo, ngakhale sindinauonepo. Anatseka maso n'kundipatsa nthochi. Mwezi woyamba ndinanenepa ndi mabodza otere.

Malume anali aatali, owonda, olankhula pang'ono. Komboni yonse inkawatcha Sekuru, ndiye kuti agogo m'chilankhulo cha kumeneko. Tiyi anasiya kalekale msana utayamba kuvuta, ndipo ankasamala kapinga wa panyumba za mabwana. Ine anandipezera ntchito m'shedi ya mbewu ndi feteleza, kumbali ya ng'ombe zamkaka. Kumapeto kwa mwezi ankandiperekeza okha kukatumiza kangachepe kwa amayi, poopa kuti ndingakagule foni. Anali ndi nzeru, chifukwa ndikanagula.

Ine ndinkadziwa kuti udzu ndi udzu. M'shedi muja ndi mmene ndinadziwira kuti udzu uli ndi mitundu ngati anthu. Kikuyu amakonda kozizira, amayanga pansi ndi mizu m'mfundo iliyonse, ndipo akalowa pamalo sachokanso. Ndiye anali kapinga wa mabwana. Katambora mbewu yake ndi yopepuka ngati mungu, moti ukaiwaza yokha imakamera kwa anzako. Ntchito yanga inali kuisakaniza ndi mchenga wouma. Amachedwa kumera, amatuluka wotumbululuka, koma akakula ng'ombe zimadya zikuponda. Nsenjere ndiye ndinkazidziwa kale: zimenezo ng'ombe sizilowamo, munthu amamweta n'kukazipatsa kukhola. Ndiye panali rayi. Rayi ankabwera m'matumba ang'onoang'ono ochokera kutali, ndipo malume ankamuwaza pamwamba pa kikuyu chisanu chisanayambe, kuti kapinga wa mabwana asachite chikasu. Sabata isanathe amakhala atatuluka, wobiriwira moderako, wonyezimira ngati wapakidwa mafuta.

"Uyu ndi udzu wa manyazi," anatero malume tsiku lina akuwaza. "Ntchito yake ndi kubisa."

Ine ndinadzamupatsa ntchito ina.

Kuseri kwa makola kunali chitunda chimene ankachitcha Kumagamu, chifukwa cha mitengo ya bulugamu imene inali pamenepo. Ine ndikufika n'kuti ataidula kale, nkhuni zake zitapita kukaumitsa tiyi kufakitale. Ana sankasewerako. Azimayi akamadutsa m'mphepete mwake ankasiya nkhani, n'kukaiyambiranso kutsogolo. Sindinafunse chifukwa chake. Ndinkaganiza kuti ndi njoka.

Mvula ili pafupi kutha, manijala wa ng'ombe anabwera m'shedi kudzasankha chobzala Kumagamu. Anali mnyamata ndithu, wongobwera kumene, wosaipa mtima, ndipo udzu ankaudziwa. Anabwera ndi kapitawo Sigauke, munthu wamimba yaikulu ndi njinga yaing'ono, amene dzina langa sanalitchulepo n'kamodzi komwe. Kwa iye ndinali Bhurandaya, dzina limene kumeneko amatchula anthu ochokera kwathu akafuna kuti umve kuwawa. Malume anali pakhomo akunola chikwanje.

Manijala anamasula thumba la katambora, n'kutapa, n'kuuzira m'dzanja. Anati pamalo otsetsereka ngati paja pafunika udzu wogwira nthaka msanga, ndipo ng'ombe zizilowa zokha kukadya.

Malume anaika chikwanje pansi n'kuvula chipewa. "Bwana, bwanji pamenepo pabzalidwe nsenjere?"

"Nsenjere, Sekuru? Ndiye omweta ndiwapeza kuti?"

"Ndizimweta ine. Madzulo, ndikaweruka."

Manijala anawayang'ana modabwa. "Ndi msana wanuwo? Chifukwa chiyani?"

Malume anatembenuza chipewa m'manja. "Ng'ombe zisamapondepo," anatero.

"Ng'ombe ikapanda kuponda msipu iziponda chiyani, kapeti?" anatero Sigauke akuseka. "Musawamvere awa bwana. Iwowa ndi kikuyu, akalowa pamalo amayesa pawo."

Manijala anamanga thumba. "Katambora," anatero, n'kutuluka.

Thirakitala inalima masiku angapo, ife tikutsatira pambuyo kutola miyala ndi mizu. Tsiku lina ndinazula chinthu ndikuyesa mwala. Inali kapu yachitsulo, yoyera kale, ya mkombero wabuluu, pansi pake pali chiboo chozungulira bwino, cha msomali. Patsogolo ndinapeza mbale, nayonso yobooledwa. Ndinakweza maso n'kuona kuti anzanga achikulire nawonso akutola zomwezo, koma sakuponya pamulu wa miyala. Ankalowetsa m'malaya, osayang'anana.

Kwathu ndinaonapo ziwiya zobooledwa. Ndinkadziwa kumene amaziika.

Madzulo ndinaika kapu ija patsogolo pa malume. Anaitenga n'kuipukuta ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka buluu uja anaoneka.

"Wapeza pati?"

"Pafupi ndi mwala wosweka pakati uja."

Anagwedeza mutu. "Ndi ya Esinati."

Anandiuza mwachidule, akuyang'ana kapuyo osati ine. Kumagamu ndi kumene ankaika anthu a kwathu kale, manda atsopano asanatsegulidwe. Mitanda inali ya mitengo, chiswe chinadya. Mitumbira inatitimira. Esinati anali mwana wawo yekhayo, anamwalira atangoyamba kuyenda. Amake anabwerera kwawo ku Mozambique n'kukwatiwanso. Malume anatsala.

"Amako amati ndinaiwala njira," anatero. "Njira ndimaidziwa, mphwanga. Koma mwana wa msinkhu umenewo sumusiya yekha kwa eni."

"Nanga bwanji simunawauze a manijala?"

"Nyumba ino ndi ya kampani. Zaka zanga zopumira zinakwana kale, amangondisunga chifukwa sindisokosa. Chitupa changa chimati ndine mlendo. Ndikasokosa n'kundichotsa, ndiye kuti ndamusiya ndithu." Anaika kapu m'thumba la jekete. "Udzu ukafika m'mawondo, ng'ombe zilowa. Basi."

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa ena amafuna kundiveka ungwazi. Sindinachite zimene ndinachita chifukwa cha Esinati. Nkhani yake inandikhudza, inde, koma chimene chinandisowetsa mtendere chinali china: ndinadziwa tsopano kuti Sigauke amadutsa m'mphepete mwa manda m'mawa uliwonse pa kanjinga kake kaja, ndipo Sigauke anali wamantha. Ankakhulupirira kuti munthu aliyense wa ku Malawi amayenda ndi mankhwala m'thumba. Kadzidzi akalira, ankasintha njira. Munthu wotero, manda ali pafupi, rayi ali m'shedi, kiyi ili ndi ine. Inu mukanatani?

Katambora tinawaza Lachisanu, titandandalika mzere, aliyense ndi beseni lake la mchenga. Lamlungu masana, anthu ena ali kutchalitchi ena kumpira, ndinadzaza chitini ndi rayi n'kukwera Kumagamu. Ndinatenga chingwe ndi zikhomo kuti m'mphepete muwongoke bwino. Koma muyezo wa manda sindinkaudziwa, ndiye ndinagona pansi chagada kuti ndidziyeze ndekha.

Dzuwa linali pamutu, koma nthaka ija inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Kuzizirako kunalowa m'malaya n'kukwera ndi msana. Kumpira kunkamveka phokoso, koma nditagona pansi linazimiririka, n'kutsala kugunda kwa mtima wanga, ndipo kunkamveka ngati kukuchokera pansi osati m'chifuwa. Ndinadzuka msanga kuposa mmene ndinagonera.

Komabe ndinafesa. Manda anayi, pamzere, ofanana, miyendo italoza kumsewu kuti Sigauke awaone bwino. Ndinakwirira mbewu ndi nthambi, n'kufufuta mapazi anga. Mbewu yotsala ndinaisiya m'chitini momwemo pansi pa chitsa. Sindinaone munthu. Ndinangoona mbuzi imodzi ikundiyang'ana chapatali. Ndinaiwala kuti mbuzi ya m'komboni siyenda yopanda wina woiyang'anira.

Guti anagwa sabata yonse. Ine ndinkayenda ndikumwetulira ndekha, mpaka malume anandifunsa ngati ndapeza chibwenzi.

M'mawa wa tsiku limene ndinadziwa kuti rayi watuluka, ndinalawira n'kukabisala m'tiyi moyang'anana ndi chitunda. Nkhungu inali itaphimba zonse. Ndinamva njinga ya Sigauke ikulira kumunsi, ndipo nthawi yomweyo kamphepo kanayamba kukankha nkhungu kukwera nayo phiri.

Anga anayi anaoneka poyamba. Okongola. Obiriwira bii pa nthaka yofiira, m'mphepete mowongoka ngati ajambulidwa ndi rula. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja kuti ndisaseke.

Nkhungu inakwera pang'ono. Kumtunda kwa anga kunali ena awiri.

Inakweranso. Ena. Enanso. Chitunda chonse chinali manda, ena oyandikana awiriawiri, ena paokha, ena aatali, ena aafupi. Sanali pamzere, ndipo m'mphepete mwawo munali mokhotakhota, mosayezedwa ndi chingwe. Anga miyendo inaloza kumsewu. Enawo onse anagona mofanana, mitu italoza kumpoto chakum'mawa, kwathu, kumene ndinachokera pa lole ija. Pafupi ndi mwala wosweka pakati panali kamodzi kakang'ono, kosapitirira mkono wanga.

Sigauke anagwa ndi njinga, zoonadi. Anaisiya pomwepo gudumu likuzungulira, n'kuthamanga chotsika akuitana amake. Ndinadikira sabata yonse kuti ndione zimenezo, koma sindinaseke. Ndinakhala m'tiyi muja mame akundilowa m'khosi, ndikuwerenga anga mobwerezabwereza ngati kuti achuluka.

Kuseka ndinadzaseka madzulo ake, ndipo ndimasekabe. Munthu wamimba choncho kuthamanga ngati gwape.

Pofika masana komboni yonse inali m'mphepete mwa chitunda. Abusa a ng'ombe ananena poyera kuti kumeneko sadzalowetsako ng'ombe ngakhale awachotse ntchito. Azimayi achikulire anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, ya chiNyanja chakale, ndipo anyamata aja ankandiseka aja anaima chete, zipewa m'manja, ena akufunsa agogo awo kuti agona apo ndani.

Manijala anabwera pa njinga yamoto. Sanaope. Analowa m'munda, n'kugwada pa manda amodzi mwa anga, n'kuzula kaudzu. Anakayang'ana kunsi kwake, n'kukapotokola ndi zala.

"Uyu ndi rayi," anatero. "Wa m'shedi mwanga. Mizimu sisunga kiyi." Anatembenuka n'kundipeza ndi maso pakati pa anthu. "Iwe, bwera kuno."

Ndinapita. Kukana sikunandibwerere n'komwe, ntchito inali yabwino kwambiri kuti ndiikane.

"Wafesa ndiwe?"

"Anayi awa ndi anga, bwana. Onani mmene awongokera."

"Enawo?"

"Enawo sindikuwadziwa."

"M'shedi mwasowa theka la thumba."

"Ine ndinatenga chitini chimodzi."

Sigauke, amene mtima unali utabwerera pamalo atamva kuti ndi mbewu chabe, anati andisiyire iye ndinena zonse. Manijala anamuletsa ndi dzanja. Anaimirira n'kuyang'ana chitunda chonse, kuyambira kumsewu mpaka kumwala, nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti anaona zimene ndinaona ine, kuti mwana wochita zachibwana sangagoneke manda mokhota choncho, onse kuloza kumodzi.

"Ndifunse," anatero molankhula ndi gulu lonse. "Pansi apa pali anthu?"

Nyimbo inaleka. Aliyense ankayang'ana mapazi ake, chifukwa aliyense ankagona m'nyumba ya kampani.

Ndiye malume anatuluka pagulu. Anayenda pang'onopang'ono ndi msana wawo uja, akulambalala malo obiriwira, mpaka pa mwala wosweka. Anatulutsa kapu m'jekete n'kuiika pakati pa kamanda kakang'ono kaja, chiboo chili pansi.

"Alipo, bwana," anatero. "Uyu ndi wanga. Dzina lake Esinati."

Gogo wa nthochi uja anatsatira, mbale ili m'manja. Pambuyo pake wina, kenaka wina. Ziwiya zonse zija zinalowa m'malaya tsiku lotola miyala zinatuluka. Munthu aliyense ankapita molunjika, osafunafuna, n'kutchula dzina. Pa manda amene ndinkawaona, anga anayi okha ndi amene anatsala opanda kapu. Ndinachita nawo manyazi pang'ono, ngati alendo obwera pamaliro atavala zaukwati.

Manijala anavula chipewa chake cha njinga. Anangoti, "Palibe anandiuza."

Nkhani inapita kwa akuluakulu, ndipo kwa masiku angapo sitinkadziwa ngati tigona m'nyumba ija mawa lake. Malume anamanga zovala zawo m'chitenje n'kuziika pafupi ndi chitseko. M'mawa uliwonse ankapitabe kukameta kapinga. Yankho litabwera linali lotere: Kumagamu kumangidwe mpanda, ng'ombe zisalowe. Sekuru akhale. Koma mbewu ya kampani inabedwa, ndiye wina ayenera kuchoka, ndipo asanachoke akumbe yekha maenje onse a mpandawo.

Wina ameneyo mukumudziwa.

Sigauke sanakhutire. Anati mwana wotere akapanda kulawa chikoti adzawotcha fakitale, ndipo mwini mwana alipo. Anthu anasonkhana pabwalo la komboni. Malume anati ndi zoona, mwana wosamva mwini wake ndi malume ake. Anapita kuseri kwa makola n'kubwera ndi chikoti chawo: phesi la nsenjere laliwisi, masamba ali pomwepo.

"Gwira mawondo," anatero.

Ndinagwira. Anakweza dzanja mwamphamvu zedi, nkhope ili gwa, n'kutsitsa phesi lija ngati akuthamangitsa ntchentche pa mwana wogona. Ine ndinakuwa ngati akundisenda, kuti Sigauke apeze phindu lake. Ndili chiweramire choncho, maso ali pa mapazi a malume, ndinaona tinthu tikugwa kuchokera m'thumba lobooka la jekete lawo nthawi iliyonse akakweza dzanja. Timbewu tatitali, totuwa. Ndinkatidziwa bwino. Ndinasuntha phazi n'kutiponda.

Maenje ndinakumba mpaka m'manja munatuluka matuza. Ndinkayamba m'mawa nkhungu isanachoke, ndekha pachitunda, ndipo sindinkatembenukira kumanda. Koma ndinazindikira kanthu kamodzi. Kumunsi kwenikweni, pafupi ndi kamtsinje, kunali manda amodzi apaokha. Analibe kapu, analibe mbale. Udzu wake unali wautali kuposa wa onse, kuposa ngakhale wanga, ngati unayamba kumera ine ndisanakwere ndi chitini. Zikhomo za mpanda zimene anakhoma Sigauke zinawasiya kunja. Ndinazisuntha osauza munthu, n'kuwonjezera maenje. Amenewo ndinakumba mothamanga.

Tsiku lochoka malume anandiperekeza wapansi mpaka pafupi ndi chipata cha malire. Guti ankawaza.

"Malume, thumba lanu la jekete labooka," ndinatero.

"Ndikudziwa."

"Munandiona?"

"Anakuona ndi mdzukulu wa gogo wako wa nthochi, akusaka mbuzi. Pofika madzulo komboni yonse inali itadziwa. Tinaseka kaye. Kenaka wina anati, mwanayu wafesa manda abodza pamwamba pa enieni, bwanji ife?" Anapukuta madzi kumaso. "Kuseri kwa shedi yako kuli thabwa logwedera. Aliyense ankapita kokatola nkhuni ndi kadzanja kake."

"Ndiye munandisiya ndinjenjemere m'tiyi."

"Unayamba ndiwe."

Tinayenda pang'ono. Ndinafunsa za amodzi aja a kukamtsinje.

"Tinafunsana nyumba ndi nyumba," anatero. "Palibe anafesa pamenepo."

"Nanga agona ndani?"

"Kale kunkabwera anyamata okhaokha, opanda m'bale. Ena tinkangowadziwa ndi dzina la kumene achokera. Wina ankadwala n'kumwalira mwezi womwe wafika." Anaima n'kundipatsa kachikwama kanga. "Amene alibe womufesera amadzifesera yekha, mphwanga. Pita. Ukawauze amako kuti njira ndimaidziwa."

Nditatembenuka patsogolo, nkhungu inali itawameza kale.

Kwathu ndinapeza amayi atayamba imvi, mlongo wanga atakwatiwa, ndipo chipinda changa mukugona nkhuku. Ndinawauza zonse, za nsenjere, za kapu, za Esinati. Amayi sankadziwa kuti anali ndi mwana wa mlongo wawo. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Atatuluka anandifunsa dzinalo kachiwiri, n'kulitchula okha chapansipansi. Kuyambira tsiku limenelo mawu oti mtchona sindinawamvenso pakhomo pathu.

Bulangete langa la ku Chipinge ndinalikutumulira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi potsukira mbale. Chiperoni chitawaza, pamalopo panamera udzu wobiriwira bii, wonyezimira, kachigawo kakatali kopapatiza. Ndinawafotokozera amayi kuti ndi mbewu chabe imene inakakamira m'bulangete, ndipo kukatentha iuma yokha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anapereka chigamulo chawo: dzanja langa lisadzagwirenso mbewu iliyonse pakhomo pawo, kaya chimanga, kaya nyemba, kaya nthangala ya dzungu.

Ndiye chilango changa chonse ndi chimenecho. Matuza anapola, phesi la nsenjere silinasiye chipsera, ndipo mvula yoyamba ikagwa, mudzi wonse uli chiweramire m'munda, ine ndimakhala pakhonde miyendo ili pampando ndikusenda mango. Ndikanadziwa ndikanayamba kale.

Kaudzu kaja sikanaume. Amayi akamapita kukatsuka mbale amakalambalala. Ine ndimawaseka, koma nanenso ndimadzera mbali inayo.